Gaidi wathu wa ku Fort Lister: ndalama sizinapite padera

Ndimaphunzitsa History Fomu 3 kuno ku Mulanje. Mutu wa ukapolo ana ankangouloweza ngati matebulo, ndiye mwezi watha tinasonkherana ya minibasi, tinalemba gaidi mmodzi, ulendo wa ku Fort Lister, pampata wa phiri la Mulanje ndi la Michesi, mbali ya Phalombe.

Bamboyo anachedwa ola lathunthu. Ndinakwiya, koma atayamba kufotokoza ndinaiwala. Anawandandalitsa ana pamzere, aliyense dzanja paphewa la mnzake, n'kuwayendetsa chete kupyola mpatawo. "Umu ndi mmene ankadutsira akapolo opita kunyanja ya mchere, ku Quelimane ku Mozambique, goli lili m'khosi." Kamtsikana kena kolongolola m'kalasi kanangoti zii.

Linga la Fort Lister Angerezi analimanga mu 1893 kuti atseke njira imeneyi. Lero kwatsala zipupa zogumuka ndi manda. Chandisangalatsa n'chakuti sanatamande azungu okha. Anakamba za anthu amene ankathawira m'mapanga a phiri, n'kuwafunsa ana ngati thangata la m'maesiteti linasiyana kwenikweni ndi ukapolo. Mkangano wake unafika mpaka m'minibasi.

Tengani madzi ndi kamba, kulibe golosale pafupi. Nyengo yamvula msewu ndi matope okhaokha.