Miyezi 16 chikonzereni ming'alu ya nyumba yathu: zomwe zagwira ndi zomwe zakanika

Nyumba yathu ili ku Lilongwe, pa puloti yotsetserekera kudambo. Titakhalamo zaka zitatu, mng'alu unatuluka pakona ya chipinda cha ana. Unayambira m'munsi mwa zenera n'kumatsika ngati masitepe, motsata mizere ya njerwa. Pabalaza matailosi anayi anathetheka, ndipo ukagogoda pansi ndi mpini wa khasu pankalira ngati ng'oma. Kawiri konse ndinaitana mmisiri kudzamata ndi simenti, kawiri konse mng'aluwo unabwerera pamalo omwewo. Ntchito yeniyeni tinaimaliza mu Okutobala, ndipo pano tili mu Febuluwale wa dzinja lachiwiri, ndiye ndikhoza kunena zomwe ndaona ndi maso angawa.

Ndalama yomwe sindidandaula nayo ngakhale pang'ono ndi ija ndinapereka kwa injiniya kuti afufuze kaye. Tsiku loyamba sanakhudze shovelo. Anangoti, "Bambo, musathamangire simenti. Tiyambe taona ngati mng'aluwu ukuyenda, komanso ukuyenda nyengo yanji." Analemba timizere ta pensulo mbali zonse ziwiri za mng'alu, n'kundipatsa ntchito yoyeza ndi lula mwezi ndi mwezi ndikulemba tsiku pakhoma pomwepo. Kunena zoona ndinanyansidwa nazo, chifukwa ndinkafuna aukonze sabata yomweyo. Koma manambalawo ndi amene anaulula nkhani. Mu Malichi mng'alu unali mamilimita 3, pofika Okutobala dzuwa likuswa mtengo unafika pa 7, mvula itagwa unayambanso kutsekeka.

Anzanga ena ankati ndi chivomerezi, ndipo sikuti ankangolankhula, poti dziko lathu linagwedezekapo ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu 2009. Koma mng'alu wa chivomerezi umabwera tsiku limodzi basi. Wotsekuka m'chilimwe n'kutsekeka m'dzinja umaloza kudothi. Titakumba dzenje pakonapo tinapeza makande, dothi lakuda lonyata lija limafufuma likamwa madzi n'kukhwinyata likauma, lomwe m'dambo limang'aluka mpaka mwendo wa mbuzi kulowa. Fandeshoni inali itakhala pamakandepo, yozama masentimita 45 okha, pamene chinyezi chimasinthasintha chaka chonse. Chapafupi, mamita atatu chabe kuchoka pakhoma, panali mitengo iwiri ya bulugamu yomwe inkayamwa madzi mbali imeneyo. Mbali inayo kunali konyowa nthawi zonse chifukwa denga linalibe gatala, komanso paipi ya kukhitchini inkadontha pansi pa nthaka. Paipiyo tinaigwira mosavuta: tinatseka mipopi yonse madzulo, m'mawa mita ya madzi inali itayenda. Ndiye nyumba imodzi, mbali ina ikukwezedwa, mbali ina ikutitimira. Khoma la njerwa silipindika, limangothyoka.

Za pansi pabalaza zinali zina. Titaswa tinapeza kuti konkireti inali yopyapyala, malo ena yosakwana masentimita 5, ndipo pansi pake anangothira dothi la pamwamba losakanikirana ndi zidutswa za njerwa ndi mizu, osatsendera. Dothilo linatsika lokha n'kusiya mphako, chiswe nacho chinapezerapo njira. Ndinalowetsa dzanja mpaka m'chigongono osakhudza kanthu. Zinandipweteka mtima, chifukwa tsiku lothira fuloyo ndinalipo, ndikusangalala kuti ntchito ikufulumira.

Tsopano zomwe zagwira. Pakona paja anakumba pansi pa fandeshoni yakale mpaka kufika pa nthaka yolimba, mita imodzi ndi theka, n'kuthira konkireti yatsopano. Ankakumba kachigawo ka mita imodzi, kuthira, kudumpha china, kudzabwerera kakauma, kuopa kuti khoma lingalendewere. Ntchitoyi ndi yochedwa ndipo inadya matumba a simenti ambiri kuposa momwe tinawerengera, koma timizere ta pensulo tomwe ndinalembanso pa pulasitala watsopano sitinasunthe m'chilimwe chonse chathachi. Chitseko cha ana chomwe chinkafuna phewa kuti chitsekeke tsopano mwana wa zaka zisanu amatseka ndi dzanja limodzi.

Fulo ya pabalaza nayo ili bwino. Anachotsa dothi loipa lonse, kuthira lina pang'onopang'ono ndikutsendera ndi makina, kenako kwale, mankhwala a chiswe, pulasitiki yakuda, waya, ndi konkireti ya masentimita 10. Mayi a kunyumba ndi amene anaumirira zothira madzi m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu, ndipo matailosi tinadikira mwezi tisanaike. Palibe ndi limodzi lomwe lomwe lathetheka kapena kulira.

Zokanika zilipo, ndipo zambiri mwa izo ndi zanga. Choyamba ndi kolido. Ndalama zitachepa ndinati pamenepo pasiyidwe, poti panalibe mng'alu. Dothi lake ndi lomwe lija losatsendera. Kuyambira Disembala pakulira chimodzimodzi, ndipo pamene fulo yakale ikumana ndi yatsopano patuluka kamzere. Kuswanso tsopano kudzatanthauza kubweretsanso makina, kulipiranso thiransipoti ndi kukhalanso m'fumbi, zomwe zikanatheka ulendo umodzi.

Chachiwiri ndi mitengo. Injiniya anandichenjeza kuti makande omwe akhala akuyamwidwa zaka zambiri amayamba kufufuma mtengo ukachoka, ndiye ndiyembekezere kuti nthaka isunthabe kwa kanthawi, ndisathamangire penti. Ine ndinagwetsa yonse iwiri tsiku limodzi n'kupenta mwezi womwewo. M'dzinja loyamba kamng'alu kopyapyala ngati tsitsi kanatuluka pakhoma loyandikana ndi pomwe panali mitengoyo, mbali yomwe sitinazamitse fandeshoni. Kakhala pa milimita imodzi kwa miyezi khumi tsopano. Sikandisowetsa tulo, koma ndimakayeza.

Chomwe chandikhumudwitsa kwambiri ndi kakhonde ka simenti kozungulira nyumba, kamene ntchito yake n'kuthamangitsa madzi kutali ndi khoma. Ganizo lake ndi labwino, ndipo mbali ya kumtunda kakugwiradi ntchito. Koma amisiri anakathira kamtunda konse kamodzi osadula mipata, ndiye kang'aluka malo asanu, ndipo kumbali ya kudambo kalekana ndi khoma mpata wolowa chala. Mvula ikamagwa ndaima ndi ambulera ndikuona madzi akulowa mumpatamo, kupita pamalo penipeni pomwe timawaletsa. Ndathiramo phula pongoyembekezera. Anthu ambiri amakaona ngati kantchito komalizira kosafuna kuyang'anira, ine ndinatero, ndipo ndi pamene ndinalakwitsa.

Magatala a pulasitiki nawo apindika ndi dzuwa malo awiri chifukwa zogwirira zake anazitalikitsa, ndipo masamba a mango amawatseka msanga. Ndimakwera makwerero kawiri pamwezi nthawi ya mvula. Ngalande yotengera madzi kumsewu yokha ndiyo sinandivutepo.

Wina atandifunsa ngati ndingabwerezenso njira imeneyi, ndingati eya, koma ndingayambe ndi zotchipa: kukonza paipi, kuika gatala, kukumba ngalande, kenako kuyeza chaka chathunthu ndisanagule thumba ndi limodzi lomwe la simenti. Mvula ikatha mu Epulo tiswa kolido ndi kudula kakhonde kaja m'zigawozigawo. Kamng'alu ka kumbali ya mitengo ndikayezanso mu Okutobala, ndipo kakadzapitirira mamilimita 2 ndidzaitananso injiniya uja kuti tizamitsenso fandeshoni mbali imeneyo.