Ndemanga: Nyumba ya pafamu ku Shropshire ndi malo amene tinayendera ndi ana

Ndikupereka nyenyezi 4 mwa 5. Abale amene muli kuno ku England ndipo mukusaka kokapumulira ana akatsekera sukulu, ganizirani nyumba za lendi za m'mafamu a ku Shropshire, chigawo chimene chachita malire ndi Wales. Ife tinapitako mu Ogasiti: ine, bambo a kunyumba, ana, ndi apongozi anga amene anabwera kudzationa kuchokera ku Ntcheu.

Nyumba tinapezayo ili kufupi ndi tauni ya Church Stretton. Kale linali khola lamiyala, kenako eni ake analikonza bwino. Chimene chinandisangalatsa kwambiri ndi chakuti chipinda chimodzi ndi bafa zili pansi, chifukwa apongozi amavutika ndi mawondo ndipo masitepe sawakwanitsa. Ngati mukutenga munthu wachikulire, funsani zimenezi musanalipire. Nyumba zambiri zakale kunoko zipinda zogona zonse zimakhala pamwamba, masitepe ake opapatiza.

Kukhala ndi khitchini yathuyathu kunatipulumutsa. Kudyetsa banja lonse mu lesitilanti katatu pa tsiku n'kutha ndalama, komanso apongozi sagona bwino osadya nsima. Ufa ndi mthiko tinanyamula, koma mapoto a m'nyumbamo anali aang'ono, opyapyala, moti nsima inkapserera pansi. Nyamulani poto wanu. Mayi wa pafamupo anatilandira ndi mazira ndi mkaka, ndipo m'mawa ankaitana ana kukathira chakudya cha nkhuku. Ana anga anabadwira m'tauni, sanagwirepo dzira likadali lofunda. Chimwemwe chawo chinandikhudza mtima.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa ziwiri. Madzi otentha ankatha anthu atatu akangosamba, otsalawo n'kumadikira. Ndiponso pa intaneti analemba kuti Wi-Fi ilipo, koma inkagwira pabalaza pokha, pomwe netiweki ya foni kuderako ndi yovuta kale. Akanangonena zoona, tikanakonzekera.

Popanda galimoto musayese. Golosale ili kutali, ndipo timisewu topita kumafamu n'topapatiza, totchingidwa ndi mipanda ya zitsamba mbali zonse. Mukakumana ndi thirakitala, wina abwerere m'mbuyo.

Malo oyandikira kwambiri ndi Carding Mill Valley, chigwa chimene amasamalira a National Trust, bungwe loteteza malo achilengedwe ndi a mbiri yakale, m'munsi mwa phiri la Long Mynd. Kuyenda n'kwaulere, mumangolipira poimika galimoto ngati simuli membala. Pali kamtsinje kosaya komwe ana anasewera mpaka zala kuchita makwinya, apongozi atakhala pa chitenje akuyang'ana nkhosa zikudya momasuka. Pamwamba pa phirili, pamene amati Pole Bank, ndi mamita 516, ndipo mu Ogasiti tchire lake limachita maluwa ofiirira. Pali ndi mahatchi ang'onoang'ono ongodziyendera. Msewu wa Burway wokwera kumeneko ndi wotsetsereka, mbali ina kuli chiphedi, ndiye ngati mwaphunzira kuyendetsa posachedwa, siyirani wina chiwongolero.

Koma tsiku limene sindidzaiwala ndi la ku Blists Hill, kufupi ndi Telford. Anamanga tauni yonse monga mmene anthu ankakhalira cha m'ma 1900, ogwira ntchito atavala za nthawi imeneyo. Mukalowa mumafikira kubanki, n'kusintha mapaundi anu ndi makobidi akale ogulira zinthu m'masitolo a mkatimo. Ana anavutika kuwerengera mashilini ndi mapeni, koma agogo awo ndiwo anawaphunzitsa, poti ali mtsikana ankagulira ndalama zoterozo kwathu kwacha isanabwere mu 1971. Kuchokera pamenepo anasanduka wotitsogolera. M'tinyumba ta anthu osauka anaona simbi zotenthetsa pamoto, nyali, ndowa zotungira madzi, n'kumawafotokozera adzukulu chimodzichimodzi. Anadabwa kwambiri kuti azungu nawonso ankagona banja lonse m'kachipinda kamodzi. Tinaona opanga makandulo, osindikiza zikalata pamanja, nkhumba m'khola, ndipo tinadya nsomba ndi tchipisi zokazingira mafuta a ng'ombe. Ana anamva zambiri za ubwana wa agogo awo tsiku limenelo kuposa zimene ine ndinawauzapo. Patulani tsiku lathunthu, ndipo valani nsapato zabwino chifukwa malowo ndi aakulu, mwina mokwera.

Pafupi pomwepo pali mlatho wa Iron Bridge pa mtsinje wa Severn, womwe Abraham Darby III anaumanga mu 1779. Ndiwo mlatho waukulu woyamba padziko lonse wopangidwa ndi chitsulo chosungunula. Agogo ake, Abraham Darby woyamba, ndi amene mu 1709 anayamba kusungunula chitsulo ndi malasha owotcheratu ku Coalbrookdale, m'chigwa chomwechi. Bungwe la UNESCO linaika derali pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1986. Kuwoloka n'kwaulere, ndipo ola limodzi likukwanani.

Tinakweranso sitima ya malasha ya Severn Valley Railway, yoyenda mamailosi 16 pakati pa Bridgnorth ndi Kidderminster. Mwana wanga wamwamuna sanachoke pawindo. Onani kaye masiku amene imayenda musananyamuke. Mvula itagwa tinathawira ku RAF Museum ku Cosford kukaona ndege zankhondo zakale. Kulowa salipiritsa, kupatula poimika galimoto.

Nyumba zoterezi zimadzaza msanga pa holide ya Julayi ndi Ogasiti ndipo mitengo imakwera, choncho sungitsani malo miyezi ingapo isanakwane. Ife tauza kale mayi aja kuti tidzabweranso cha mu Epulo, nthawi imene nkhosa zimaswa, ndipo alonjeza kuti nkhani ya madzi otentha adzakhala ataikonza.