Bwana wokuona ndi maso kapena wokuyeza pa sikelo?

Achinyamata angapo kuno ku Luchenza akhala akundifunsa kuti pa ntchito yolemba nkhani za mafoni, makompyuta ndi intaneti, chabwino n'chiti: kulembedwa pa ofesi mu Blantyre kapena kulembera kampani yakunja uli pakhomo pako. Konse kuwiri ndinagwirako, ndiye ndiyankhe kamodzi.

Ya ku Blantyre inali kampani yaing'ono, tonse tinkakwana m'chipinda chimodzi. Abwana ankafuna akupeze pampando 7:30 isanakwane. Kaya walemba kanthu kaya ayi, bola akuone. Ukalakwitsa ankakukalipira pagulu, mpaka mlonda kumvera nawo pazenera. Koma munthu yemweyo ankakoka mpando n'kukhala pafupi nawe, cholembera chofiira chili m'manja. Tsiku lina anazunguliza mawu akuti 4G m'nkhani yanga n'kuti, "Mayi wogulitsa tomato mu Limbe amvapo chiyani apa? Muuze kuti akamayankhula ndi mwana wake wa ku Joni, chithunzi sichiziduladula." Kulemba ndinaphunzirira pamenepo.

Chinanso ndi kalata ya ntchito. Ukakhala nayo, malamulo a dziko lino amakuteteza. Wogwira masiku asanu pa sabata ali ndi tchuthi cha masiku osachepera 15 pa chaka. Ku penshoni bwana amaika 10 peresenti, iwe 5 peresenti (koma muzifunsa sitetimenti, kudula n'kwina, kutumiza n'kwina). Zikavuta pali ofesi ya leba, pali khoti la milandu ya pa ntchito lotchedwa Industrial Relations Court. Agogo atatisiya ku Thekerani, anzanga anasonkha chipepeso, awiri n'kubwera kudzagona nawo pasiwa.

Zowawa zake ndi lendi, minibasi, ndi malipiro obwera tsiku lomwe afuna okha. Komanso msika wathu ndi wochepa. Nkhani yanga ina yodandaula za mabando otha msanga inafera m'dirowa chifukwa kampani yomwe ndinaitchula inkatsatsa malonda ake kwa ife. Abwana anangoti, "Achimwene, nonse mukudya pomwepo."

Tsono yakunjayo. Amene munathyolako tiyi m'maesiteti a ku Thyolo kapena ku Mulanje simuvutika kuimvetsa. Kumeneko sawerenga thukuta, amawerenga makilogalamu pa sikelo. Kunonso n'chimodzimodzi, kungoti kapitawo wake ndi kompyuta. Imaonetsa kuti nkhani yako aiwerenga anthu angati, anakhalapo nthawi yaitali bwanji, ndipo Lolemba lililonse manambalawo amaikidwa pa Slack, pulogalamu yotumizirana mauthenga a ntchito, gulu lonse kuona. Palibe wokukalipira. Amangosiya kukutumizira ntchito, iwe n'kuzindikira wekha.

Mkonzi wanga anali mayi wa ku London, waulemu kwabasi. Ankafuna ndizimutchula dzina lake lenileni, ine lilime kukana, munthu wamkulu ngati ameneyo. Nthawi siinkavuta kwenikweni, popeza London amatsalira ndi ola limodzi kapena awiri malinga ndi nyengo. Ovutika ndi olembera a ku New York: iwe ukutsuka mbale za mgonero, iwo ali pakati pa ntchito. Koma kukukonzera kwake kunali kwa chinunu. Umangopeza ndime yasintha mu Google Docs, pulogalamu yolemberamo limodzi pa intaneti, chifukwa chake osauzidwa. Zaka ziwiri ndinalemba zambiri, kuphunzira pang'ono.

Ndalama ndiye zinalipo, ndisaname. Ankalipira pa nkhani iliyonse, m'madola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anzanga a ku ofesi analira, ine m'thumba munalemera. Lendi kulibe, chinanazi ndi nthochi zapafupi, chiperoni chikagwa umalemba uli m'bulangete. Koma sola, laputopu, ma SIM awiri a TNM ndi Airtel osinthanitsa netiweki ikathawa, zonse n'zako. Pa pepala lawo sindinali wantchito, ndinali waganyu. Penshoni ayi, tchuthi ayi, ukadwala ndiye kuti sikelo yaima.

Ndinazionera pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Magetsi anathima, netiweki inasowa, misewu inaduka. Foni itayaka ndinapeza mauthenga awiri. Woyamba ankafunsa ngati ine ndi banja tili moyo, ndipo ndikhulupirira unachokera pansi pa mtima. Wachiwiri unkandidziwitsa kuti nkhani zanga zitatu apatsa wina wa ku Nairobi. Mwezi umenewo ndinalandira za nkhani imodzi.

Ndiye mphwanga, ngati ukungoyamba kumene, kwera minibasi upite ku Blantyre. Pirira kukalipiridwako zaka ziwiri kapena zitatu, utole luso ndi manambala a anthu, chifukwa akunja sagula munthu woti amuphunzitse. Amene dzanja linakhwima kale, ali ndi kamunda kapena kagolosale kogwira pakhomo, yakunjayo imukomera, makamaka akamalembera makampani awiri osati imodzi. Ine ndinatsalira yakunja, koma nkhani iliyonse ndikalandira ndimapatula kangachepe ku banki m'khonde ya amayi a ana, ndipo kalata yanga ya ntchito ya ku Blantyre ikadali m'sutikesi, pansi pa masatifiketi.