Ka shopu ka fotokope ka pa Ginnery Corner kanatithandiza pa mapepala a tchuthi cha usilikali cha achimwene

Amene mukufuna malo osikanitsa kapena kupulintitsa mapepala ofunika mu Blantyre muno, makamaka ochokera kunja, ine ndikuti pitani pa Ginnery Corner. Pali ka shopu kena kakang'ono mbali ya ku MUBAS komwe ana asukulu amadzadzako ndi ma asayimenti awo, kalibe chikwangwani chachikulu, mkati muli makompyuta ochepa, pulinta imodzi yaikulu ndi mayi ena achikulire amene amayendetsa zonse pamodzi ndi mnyamata wawo. Zolakwika zilipo ndipo ndizinena, koma ntchito imene anawagwirira achimwene anga mu Ogasiti 2025 inandifika pamtima.

Achimwene amakhala ku America, anatenga unzika wa konko, amagwira ntchito ya mu ofesi m'boma komanso ali mu Army Reserve. Si msilikali wa tsiku ndi tsiku ayi, amavala yunifolomu wikendi imodzi pamwezi kenako pafupifupi masabata awiri pachaka amapita ku tereningi yaitali, masiku ena onsewo ndi munthu wa pa desiki. Anabwera kuno pa holide yawo kudzamanga chiliza cha malemu bambo, ndiye tili mkati mwa zokonzekera anangolandira imelo yoti ma oda a tereningi, makalata a ku usilikali owalamula masiku opitira ku tereningi, asintha, masiku abwera pafupi. Apa panafunika kupulinta ma oda atsopanowo, kudzaza fomu yopemphera tchuthi imene amaitcha OPM 71, kusayina ndi cholembera, kusikana ndi kutumiza kwa abwana awo mwachangu.

Enanu muziti nanga pepala lokhalo chovuta n'chiyani. Nkhani yake ndi ya ndalama abale. Lamulo la ku America, 5 U.S.C. 6323, limati wogwira ntchito m'boma amene alinso mu Reserve kapena National Guard, gulu linanso la asilikali otere, ali ndi tchuthi chake chapadera cha usilikali chimene sichidya holide yake ya pachaka. Kwa zaka zambiri anali masiku 15, koma lamulo limene linasayinidwa pa 23 Disembala 2024 linakweza kufika masiku 20, omwe ndi maola 160 kwa munthu wogwira maola 40 pa sabata. Pa masiku amenewa salale ya ku ofesi imabwera yonse ndipo ya usilikali imabweranso, palibe chodulidwa. Ukapanda kuwamaliza umaloledwa kupita nawo ku chaka chotsatira mpaka masiku 20. Ndipo amawerenga ndi maola amene ukanakhala uli pa ntchito basi, Loweruka ndi Lamulungu la pakati pa tereningi sawerengera ngati sumagwira masiku amenewo. Kuno kwathu Employment Act imapatsa munthu wogwira masiku asanu pa sabata holide ya masiku 15 pachaka chonse, ndiye tangoganizani kuti anzathuwa ali ndi 20 apambali a usilikali okha, ine zinandidabwitsa zedi.

Pamene panali pothina ndi apa: chaka cha boma kumeneko chimayamba pa 1 Okotobala n'kutha pa 30 Seputembala. Tereningi ya achimwene imayamba kumapeto kwa Seputembala n'kudzathera mu Okotobala, kutanthauza kuti masiku ena amachotsedwa pa chaka chakale ena pa chatsopano. Deti ikapanda kuoneka bwino pa pepala, a ku ofesi alibe poyambira, amangokubwezera, ndipo nthawi ikatha mapepala asanalongosoke maolawo amatha kulembedwa ngati holide wamba kapena tchuthi chosalipidwa, kudzakonza pambuyo ndi chintchito china. Achimwene holide yawo anali ataithera kale pa ulendo wobwera kunowu.

Tinayamba tapita pa malo ena ku Limbe, sinditchula. Anatipulintira inde koma m'mbali munadulidwa, manambala a oda theka lake kulibe, sikani yake yakuda ngati pansi pa mphika, ndipo titadandaula anangoti mashini ndi momwemo. Tinalipira n'kutuluka.

Pa Ginnery Corner zinali zina. Mayi aja atangotsegula fayilo anati "aa bambo, pepala lanuli si A4, ndi la ku America ili". Zoonadi, kumeneko amagwiritsa saizi ya Letter, yomwe ndi yotambalala pang'ono kuposa A4 yathu koma yaifupi, 216 mm ndi 279 mm pomwe yathu ndi 210 ndi 297, ndiye ukangodina pulinti osayang'ana m'mbali mumapita. Anachepetsa pang'ono kuti zonse zikwane, anatulutsa peji imodzi kaye n'kuwapatsa achimwene kuti aone ngati mzere uliwonse ulipo asanapitirize, ndipo peji yoyesera ija sanatilipiritse. Achimwene atadzaza fomu mayi anaigwira n'kuiyang'ana, kenako anafunsa kuti "apa mwalemba 9 kenako 22, mwezi wa 22 ndi uti?" Achimwene anawafotokozera kuti ku America amayamba mwezi kenako tsiku, mayi anati chabwino ndimafuna nditsimikize tisanasikane chifukwa zikapita zapita. Sanali akudziwa kalembedwe ka kumeneko koma anaona kuti pali chachilendo ndipo anafunsa, ku Limbe kuja pepala sanaliyang'ane n'komwe.

Kusikana anachita mnyamata uja, anayamba wapukuta galasi ndi kansalu, anaika mapeji onse mu PDF imodzi motsatana bwino, oda patsogolo fomu pambuyo, n'kuchepetsa fayilo kuti imelo isakane koma zilembo zing'onozing'ono zikuwerengekabe. Tili mkati magetsi anazima. Ndinangoti basi zathera pano, koma ali ndi ka inveta kamene kamagwira kompyuta imodzi ndi sikana, pulinta yaikulu ija ndiye siyaka. Mayi anapempha mtsikana wina amene amataipa pa kompyutayo kuti "mwanawe tawapatsako kaye malume akowa, zawo ndi za msanga", iye anavomera bwinobwino. Cha m'ma 2 koloko masana imelo inapita, ku Washington inali 8 koloko m'mawa popeza miyezi imeneyi timasiyana maola 6, abwana awo anaipeza akungolowa mu ofesi.

Podikira netiweki mayi amafunsa mafunso, eti nanga akakutumizani ku nkhondo miyezi yambiri ntchito simuipeza atapatsa wina? Achimwene anati pali lamulo lina la 1994, USERRA, lomwe limakakamiza bwana, wa boma kapena wa kampani, kukubwezera ntchito ukabwerako bola unadziwitsiratu ndipo nthawi yonse ukaiphatikiza sinapose zaka 5. Ukakhala masiku 31 mpaka 180 uli ndi masiku 14 oti upemphe kubwerera, zikaposa 180 uli ndi masiku 90. Pa lamulo la tchuthi cha usilikali lija palinso masiku ena 22 pachaka a nthawi ya ngozi kapena ntchito zapadera za usilikali, koma amenewo sulandira kawiri, salale ya usilikali imachotsedwa pa ya ku ofesi. Mayi anangopukusa mutu n'kuti mwana wa mchemwali wawo ali ku British Army, akamufunsa ngati kumeneko ziliko.

Tsopano zimene sizinandisangalatse. Pa kompyuta ija, pa desikitopu pomwe, panali mafayilo a anthu ena mbwee, ziphaso za unzika, masetifiketi, makalata a ku banki, aliyense wokhala pamenepo atha kutsegula. Ma oda a achimwene ali ndi zinthu zoti munthu wina sayenera kuziona, ndiye tinapempha kuti afufute ife tikuona, mpaka mu bini momwe, ndipo anafufuta osanyinyirika, koma siziyenera kudikira kasitomala kuti apemphe. Ndinawauza mayi pamaso ndipo ndikubwerezanso pano, afufuteni mafayilo tsiku lililonse musanatseke. China, malo ndi opanikiza, mipando ndi yochepa, nthawi ya mayeso ku MUBAS mzere umafika panja padzuwa ndipo wachikulire savutika pang'ono. Intaneti yawo nayonso imadukaduka, ife tinamaliza ndi bandulo ya pa foni ya achimwene. Lisiti sapereka pokhapokha uitanitse.

Mtengo ndi womwewo wa pa Ginnery Corner ponse, amawerenga pa peji, sanakweze ngakhale anamva kuti munthuyu ndi wa ku America, ndipo amalandira Airtel Money ndi Mpamba. Achimwene atabwerera anandiimbira kuti pa pepala la malipiro maola onse analembedwa ngati tchuthi cha usilikali, ena ku chaka chakale ena ku chatsopano monga amafunira. Mukapita pitani m'mawa ana asukulu asanatuluke m'makalasi, tengani fulashi yanu, ndipo ngati pepala lanu ndi lochokera ku America kapena Canada auzeniretu asanadine pulinti.