Garaja ya ku Biwi yomwe inatsuka EGR ya Prius yanga, ndikuuzeni mmene zinayendera

Anthu akhala akundifunsa kuti kodi kugwedezeka kwa galimoto yanga ndikailiza mmawa kuja kunatha bwanji, ndiye ndaona kuti ndingolemba kamodzi basi. Galimoto yanga ndi Prius ya 2012, ija amati Prius 30, injini ya 1.8 yotchedwa 2ZR-FXE. Inabwera kuchokera ku Japan kudzera pa Dar es Salaam, pano ili pa makilomita 190,000 ndi kena kake. Ndimagona ku Dedza masiku ambiri koma ntchito ndimagwirira mu Lilongwe, ndiye M1 ija ndimaidziwa ngati njira ya kuchimbudzi.

Vuto linayamba mu June, nonse mukudziwa mmene Dedza amazizirira. Kungodina batani mmawa, nyali ya READY yayaka, pakapita timasekondi injini ikadzuka mumangomva gudugudu ngati wina akugubuduza miyala mu ndowa, galimoto yonse kunjenjemera mpaka magalasi, kenako zii, yakhazikika ngati palibe chachitika. Tsiku lina imachita, masiku atatu osachita. Ine ndinkangoti ndi chisanu. Mayi akunyumba ndi amene anayamba kunena kuti bambo a ana, galimoto iyi ikudwala, inu mukungoinyengerera. Kenako nyali ya check engine inayaka.

Ndinayamba ndapita kwa mnyamata wina wa kompyuta, sinditchula malo. Analumikiza kamakina kake, nkuti P0401 ndi P0301, makodi osonyeza kuti utsi sukuyenda bwino mu EGR ndipo silinda yoyamba ikudumphitsa moto, nkufufuta, nkundiuza kuti sinthani mapulagi basi bigi, nkulandira yake. Mapulagi ndinasinthadi, a iridium, odula. Sabata isanathe nyali ija inabweranso. Winanso anandiuza kuti tingotseka EGR yo, njira yobwezera utsi mu injini, ndi kachitsulo monga amachitira pa magalimoto a dizilo. Mwamwayi ndinalibe ndalama tsiku limenelo.

Ndiye mnzanga wina woyendetsa Aqua ndi amene anandilondolera ku garaja iyi ku Biwi. Musayembekezere zapamwamba, ndi shedi ya malata, pansi pali dothi losakanikirana ndi oyilo wakalekale, mpando wa makasitomala ndi siti yakumbuyo ya minibasi yomwe inafa. Koma madala ake a pamenepo, bambo wachikulire wa imvi za mmbali, chinthu choyamba chomwe anachita sikutenga sipanala ayi. Anandifunsa mafunso. Imagwedezeka ikagona usiku wonse kapena nthawi ina iliyonse? Kulanti, madzi oziziritsa injini aja, mukuwonjezera? Oyilo amatsika bwanji pakati pa sevisi ndi sevisi? Anasuzumira kabotolo ka kulanti, anatsegula chivindikiro cha oyilo nkuyang'ana kunsi kwake ngati kuli zoyera zangati mkaka. Kenako nkuti achimwene, tisanalankhule za mtengo, tiyambe taona ngati head gasket, gasketi yotseka pakati pa mutu wa injini ndi masilinda, ili moyo, chifukwa ikakhala kuti yapita kale, kutsuka EGR kokha ndi kungotaya ndalama zanu. Apa mpomwe ndinaona kuti ndafika pa munthu.

Anayeza ndi kabotolo ka madzi a buluu kaja kamene kamasintha mtundu ngati utsi wa injini ukulowa mu kulanti. Sikanasinthe. Anachotsanso mapulagi nkulowetsa kakamera mu silinda iliyonse, akuti pisitoni yomwe ikulandira kulanti imaoneka yoyera ngati yatsukidwa. Zanga zonse zinayi zinali zakuda bii, ndipo aka kanali koyamba mmoyo mwanga kusangalala ndi chinthu chakuda chonchi.

Kwa amene simukudziwa EGR, ndikuuzeni mmene anandifotokozera, ine ndemwe ndinkangoimva dzina. Injini imatenga utsi pang'ono wa ku ekizozi nkuubwezanso mkati kuti usakanikirane ndi mpweya watsopano. Utsi uja sungapsenso, ndiye umachepetsa ukali wa moto mu silinda, mpweya woipa uja amati NOx umachepa, komanso petulo amapulumukako. Pa Prius 30 utsiwo usanalowe umadutsa kaye mu kabokosi ka chitsulo kotchedwa EGR cooler, mkati mwake muli tinjira ting'onoting'ono ngati zisa za njuchi ndipo kulanti amazungulira kunja kwake kuti utsi uzizire. Ukachoka apo umadutsa pa valavu, kenako kapaipi, kenako intake manifold momwe muli timabowo tinayi, kamodzi pa silinda iliyonse. Tsono utsi umayenda ndi mwaye. Injini ya hybrid imangoti yazima yayaka yazima yayaka, mtawuni nthawi zina siitentha nkomwe mokwanira, kuphatikiza nthunzi ya oyilo yochokera ku PCV, kavalavu kotulutsa nthunzi za mkati mwa injini, mwaye uja umasanduka phala lomata. Timabowo tija sititsekeka tsiku limodzi, kena kamayamba katseka, ndiye silinda zina zimalandira utsi wambiri zina osalandira, moto umasiyana, injini nkuyamba kudumphitsa. Phokoso la miyala lija akuti si injini yeniyeni ikusweka, ndi damper, chitsulo cha masipuling'i cha pakati pa injini ndi giyabokosi, ikumenyeka chifukwa cha kudumphitsako. Ndipo amakaniko ambiri a magalimoto amenewa amakhulupirira kuti ukapitiriza kuyenda choncho, kutentha kuja ndi kumene kumadzamaliza head gasket.

Ntchito yake si yamasewera. Anayamba ndi kuchotsa mawaipa, mota yake ndi thireyi yonse ya pansi pa galasi kuti dzanja lifike kumbuyo kwa injini. Pali kanati kena pansi pa cooler komwe sumakaona, umangopapasa, mnyamata wawo anatha pafupifupi ola akulimbana nako, akutukwana chamumtima. Atatulutsa cooler anandipatsa kuti ndiyang'ane kudzuwa. Abale, kuwala sikunkadutsa ngakhale pang'ono. Anandiuza kuti ndipemerere mbali imodzi, ndinangotupa masaya. Kapaipi kaja mkati munali mutatsala kanjira kongokwana kamtengo ka machesi awiri. Mu manifold munali oyilo wodikha, atapendeka anatuluka wokwana supuni zingapo, ndipo bowo la silinda yoyamba anachita kulifufuza ndi waya kuti alipeze.

Chomwe chinandisangalatsa nchoti sanathamange. Cooler anaitseka mbali imodzi, nkuthiramo mankhwala osungunula mwaye, nkuisiya usiku wonse. Mmawa mwake anaipopera ndi makina a pa car wash, madzi otuluka anali ngati a makala, anabwereza kangapo mpaka kuwala kunayamba kuoneka mbali ina. Valavu anaitsuka ndi carb cleaner koma mota yake ya magetsi anaichotsa kaye kuti isanyowe. Throttle body, polowera mpweya mu injini, anapukuta, PCV valve anaika yatsopano poti manifold inali kale panja ndipo kachinthuko kamakhala kuseri kwake, magasketi anasintha osati kupaka silikoni ngati amachitira ena. Kulanti anathira wa pinki uja, osati madzi a pampopi. Ndinaphunziranso pomwepo kuti galimoto iyi ili ndi mabotolo awiri a kulanti, la injini ndi la inverter, bokosi loyendetsa magetsi a hybrid, ndipo water pump yake ndi ya magetsi, palibe lamba. Zaka zonsezi ndimangoyendetsa osadziwa. Potulutsa mpweya mu kulanti anaiika mu maintenance mode kuti injini isamazime yokha, nkudikira mpaka hita itayamba kutulutsa mpweya wotentha.

Za kutseka EGR zija ndinawafunsa. Anangoseka nkuti achimwene, injini iyi compression yake ndi 13, kompyuta yake inakonzedwa poganiza kuti utsi uja ulipo, mukautseka nyali siizima ndipo mukhala mukuiwotcha nokha. Sanapitirire apo.

Tsopano zoipa zake, poti si zonse zinali bwino. Anati ndibwere Lachiwiri madzulo, galimoto ndinaitenga Lachinayi. Chifukwa china chinali magetsi, makina opopera aja sakanagwira, apo sindiwanena. Koma chifukwa china nchoti analandira magalimoto ena pakati nkusiya yanga ili chitsegulire, ndipo foni sayankha, umachita kupita wekha. Mtengo anandiuza pakamwa, titamaliza unakwera chifukwa cha PCV ndi kulanti zomwe sanaziwerengere poyamba, zinthu zofunikadi koma akanandiimbira. Lisiti ndinachita kupempha kawiri, nkundilembera pa kapepala kong'amba mu kope. Siti ya dalaivala sanaiphimbe, ndinapeza chidindo cha oyilo cha ovolosi, ndipo timakilipi tiwiri ta pulasitiki ya pansi pa mawaipa tinasowa, pano ikafika pa mabampu imalira tekete tekete. Zonse pamodzi, ntchito ndi zipangizo, zinandidyera ndalama yoposa pang'ono matanki awiri a petulo, thanki yake ndi malita 45, muwerengere nokha ndi mtengo wa lero. Zinawawa, komabe nditafunsa mtengo wa head gasket kapena injini ina ndinangokhala chete.

Papita miyezi itatu tsopano. Kugwedezeka kwa mmawa sikunabwerenso ngakhale kamodzi, nyali ili chizimire, ndipo pokwera mitunda ya ku Linthipe sindikumvanso kakulira kangati timisomali mu chitini komwe ndinkamva kale. Petulo wasinthako pang'ono, sindinama kuti ndi zodabwitsa, koma ndikuona kusiyana pa dashibodi.

Enanu a Prius Alpha, Lexus CT200h ndi Auris hybrid, injini yanu ndi yomweyi. A Aqua yanu ndi 1NZ-FXE ya 1.5 koma EGR yokhala ndi cooler ilimonso, musadzinamize. Tonse timangoopa batire lalikulu lija, tikamagula timangofunsa kuti batire lili bwanji, kuiwala kuti kutsogoloku kuli injini ya petulo yomwe ikufuna oyilo wake wa 0W-20 pa nthawi yake, osati 20W-50 wa mmabotolo a pamsewu amene ena amathira ati poti kuno nkotentha. Ndipo wina akakuuzani kuti watsuka EGR mu mphindi makumi atatu, wangopukuta kapaipi kokha, mufunseni akuonetseni cooler ndi manifold zili pansi.

Kubwererako ndibwererako, koma ulendo uno mtengo tilemberana tisanayambe ndipo ndinyamula chitenje chophimbira siti. Madala aja anandionetsanso fani yoziziritsa batire, ija imakoka mpweya pambali pa siti yakumbuyo, ati ndi fumbi la kwathu kuno iyenera kuti yadzadza. Tapangana Loweruka la kumapeto kwa mwezi, malipiro akalowa, ndipo timakilipi tanga tija ndikawakumbutsa.