Sikelo ya ana ya kwathu ndi nkhani ya ziwengo

Mwezi watha ndinapita ndi mwana wanga wachisamba kusikelo ya pa chipatala chaching'ono cha kwathu, chifukwa ziwengo zinali zitamutuluka kuseri kwa mawondo ndi m'mikono, ndipo ankadzikanda usiku wonse mpaka kutuluka magazi. Anamwino amene tinawapeza anandifunsa kuti mwanayu ndi wachingati m'banja, funso limene poyamba ndinaliona ngati lopanda mutu.

Anafotokoza modekha kuti mu 1989 katswiri wina wofufuza za matenda, David Strachan, atafufuza ana oposa 17,000 a ku Britain, anapeza kuti ana amene ali ndi akulu awo ambiri sagwidwa kawirikawiri ndi ziwengo komanso chimfine chobwera ndi mungu wa udzu, poyerekeza ndi ana achisamba, mwina chifukwa matupi awo amazolowera tizilombo akadali aang'ono. Anamwinowo anachenjezanso kuti zimenezi si chifukwa choberekera ana ambiri kapena chosiyira kusamba m'manja.

Chimene chinandikhumudwitsa n'chakuti mafuta opaka anali atatha, moti anangondilembera m'kabuku ka sikelo kuti ndikagule kuboma, ulendo wa ola lathunthu pa kabaza. Mzere nawonso unali wautali, koma pa kafotokozedwe kokha anamwinowo ndimawapatsa ulemu.