Gaidi wa mbalame pa Zomba Plateau: ndalama zanu zikupita ku makutu ake

Amene mwakhala mukufunsa ngati kulipira gaidi wa mbalame pa Zomba Plateau n'kutaya ndalama, ine ndikuti ayi, koma zitengera mwagwa m'manja mwa ndani. Magaidi pamwamba paja alipo ambiri, ena ntchito yawo n'kukuperekezani ku Williams Falls, ku Chingwe's Hole, ku Emperor's View, mujambule zithunzi, mugule masitiroberi pamsewu basi mwabwerako. Amenewo ali bho pa zawozo koma mukawafunsa kuti kakulira apoko n'kachani amangoti ndi timba. Kalikonse kakang'ono ndi timba kkkk. Amene ndikunena ine ndi mdala wina wa konkuja, dzina sinditchula poti sindinawapemphe, amene ntchito yawo ndi mbalame basi.

Tinapangana kuti tikumane kusanache kwenikweni ndipo apa ndiyambe ndi chondinyasa. Nkhani ya mtengo siyolongosoka. Pa foni anandiuza zina, titakumana kunabwera zoti mtengo uja unali wa theka la tsiku, kenako zoti tikafuna kupita mbali ina ya phiri pakufunika ya mafuta a njinga yamoto. Sikuti anandibera ayi, ndalama zake kuyerekeza ndi ntchito imene anagwira n'zochepa ndithu, koma munthu umafuna udziwiretu usanakwere phiri. Ndiye inu pangananitu zonse, maola angati, mudutsa kuti, akulembereni pa WhatsApp. China, bainokyula ali nayo imodzi yokha, yakalekale, ndiye ngati mulibe yanu muzingolandirana ndipo mbalame siyidikira kuti mnzako amalize kuona.

Koma titangolowa m'kankhalango ka mitengo yachilengedwe m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi zonsezo ndinaiwala. Mdalayu sayang'ana kaye, amamvetsera. Tikuyenda amangoima mwadzidzidzi n'kukweza chala, ine ndikungomva phokoso losakanikirana, iwo akutchula kuti uyo ndi pumbwa musiyeni, uko kumtunda ndi Livingstone's Turaco, apa pafupi ndi amene mwabwerera uja. Amene ndinabwerera ndi Yellow-throated Apalis. Kwa amene simukadziwa, pa mitundu ya mbalame pafupifupi 650 imene inalembedwa m'Malawi muno, kameneka ndi kokhako kamene sikapezeka dziko lina lililonse. Kali pa Mulanje, pa Zomba ndi pa Malosa basi, ndipo a IUCN, bungwe la padziko lonse loteteza zachilengedwe, anakaika m'gulu la zimene zili pangozi yoti zitha kutheratu. Ndi kakang'ono, kachikasu kukhosi mpaka kumimba, ndi kamzere kakuda pachifuwa, ndipo sikakhazikika, kamangolumphalumpha m'masamba. Ndekha ndikanakadutsa tsiku lonse osadziwa, mwinanso n'kumati ndi timba ngati anzathu aja.

Pali chinthu chimodzi chimene chinandipangitsa kuwapatsa ulemu. Ine ndinatulutsa foni kuti ndilize kulira kwa mbalameyo kuti ibwere pafupi ndijambule bwino, anthu ambiri amatero. Anandigwira dzanja. "Achimwene, kamodzi kokha, ikapanda kubwera tizipita." Ati yaimuna ikamva zimenezo imaganiza kuti kwabwera ina yodzalanda malo ake ndiye imasiya kudya, imasiya chisa, kumangothamangitsana ndi foni, ndipo pamalo pamene alendo amabwera pafupipafupi zimenezi zimaitopetsa makamaka nyengo yoswana. Gaidi wongofuna kasitomala asangalale akanandisiya ndilize mpaka batire kutha.

Ndiye pali kabuku kawo. Chilichonse chimene taona kapena kumva amalemba, mtundu, zingati, malo, nthawi imene tayamba ndi imene tamaliza. Palibe amawalipira pa zimenezi. Akapeza bandulo amakalowetsa pa eBird, pulogalamu ya pa intaneti ya Cornell Lab of Ornithology ya ku America imene anthu odzipereka dziko lonse amatumizako zimene awerenga, ndipo pa Global Big Day mu Meyi ndi October Big Day, masiku amene anthu dziko lonse amawerenga mbalame tsiku limodzi, amati salephera. Poyamba ndinkaona ngati n'zongotayitsa nthawi poti timaima kuti alembe, koma taganizani, kuti anthu adziwe zoti mbalame ikuchepa pamafunika wina amene anailemba chaka chatha ndi dzana pamalo omwewo, ngakhale tsiku limene sanaione n'komwe. Ofufuza a ku yunivesite sangakwere phiri sabata iliyonse, mdalayu amakwera. N'chimodzimodzi anthu amene amawerenga mbalame za m'madzi ku nyanja ya Chilwa, imene ili m'munsimo mumaiona muli pamwamba, ambiri mwa iwo ndi odzipereka basi. Kuno bungwe limene limagwira ntchito ndi BirdLife International, mgwirizano wa mabungwe oteteza mbalame padziko lonse, ndi WESM (Wildlife and Environmental Society of Malawi), amene mukufuna kulowa nawo m'zowerengazi yambirani kumeneko, ali ndi nthambi ku Zomba.

Musayembekezere ulendo wokoma m'maso wokhawokha. Phirili latha abale. Mumatuluka m'kankhalango kozizira bwino kenako mwafika poyera, zitsa zokhazokha, kwina kwapsa ndi moto, kumakumana ndi anthu atasenza matabwa ndi nkhuni kutsika. Paini akadulidwa amadzalidwanso, ameneyo sindikudandaula kwambiri, koma apalis uja malo ake enieni ndi nkhalango yachilengedwe yobiriwira chaka chonse ndi tchire la m'mphepete mwake, ndipo yatsalayo ndi tizigamba m'makwawa ndi m'mbali mwa mitsinje. Mdalayu anandikumbutsa za Thyolo Alethe, mbalame imene inatenga dzina la phiri la Thyolo koma nkhalango ya paphiripo inadulidwa pafupifupi yonse n'kukhala minda, pano oifuna amakaisaka ku Mulanje kapena m'tinkhalango totsala m'maesiteti a tiyi. Sanalankhule monyoza odula mitengowo, ena ndi abale awo a m'mudzi momwemo ndipo akudziwa mmene makala akuyendera malonda magetsi akamavuta. Zimenezi ndinazikonda, sindinapite kukamva ulaliki.

Chizungu chawo n'chapakatikati koma mayina a mbalame onse ali m'mutu, ndipo mukafuna akuuzaninso a Chichewa ndi Chiyao pamene alipo. Liwiro lawo ndi lapang'onopang'ono kwambiri, mutha kuima pamtengo umodzi mpaka miyendo kuchita dzanzi, ndiye ngati muli ndi ana ang'onoang'ono kapena gulu lokonda sipika ndi braai uyu si gaidi wanu, mungokhumudwitsana. Anthu awiri kapena atatu ndiye zimakhala bwino.

Ndikuwapatsa 4 pa 5, imodziyo ndachotsa chifukwa cha mtengo wosinthasintha uja ndi bainokyula. Mukapita nyamulani juzi ngakhale m'tauni kukutentha, nsonga ya phirili imapitirira mamita 2,000 ndipo m'mawa kumazizira zenizeni. Juni ndi Julayi chiperoni chikagwa simuona kanthu, nyengo ya mvula njira zimaterera, ine ndingati pitani cha mu Seputembala kapena Okutobala pamene mbalame zikuimba kwambiri. Zovala zowala kwambiri zisiyeni kunyumba, ndipo mutenge kashi, netiweki m'makwawa muja imathawa.